Mmene ndinageyetsera galimoto ya bwana

Amene akuseka anyamuke azipita. Ine Kamwendo sindingamanyozedwe ndi anthu ofika ku Doha dzana, amene akuganiza kuti poti dzuwa la kuno limawotcha ndiye kuti hita ya m'galimoto ilibe ntchito. Dikirani Januwale, mano akadzayamba kugundana mudzandifuna.

Ndinali dalaivala wa bwana wina wa ku The Pearl, dera la anthu olemera kuno ku Doha, nthawi imene nyumba zazitalizi zinkamera ngati bowa. Tsiku lina mu Ogasiti, dzuwa lili paliwombo, magalimoto atathinana pa Corniche, msewu wa m'mbali mwa nyanja, ndinangoona singano yoonetsa kutentha kwa injini ikukwera, kudutsa pofiira, kuboola galasi n'kudzandibaya pabondo, chipsera chake ndi ichi. Wina akanathawa. Ine ndinatsegula hita mpaka kumapeto, chifukwa hita imakoka moto wa mu injini n'kuubweretsa mkati, ndipo motowo unabweradi, abale anga: nsapato zinasungunuka n'kumatirira pansi, ndevu zinapserera, nkhuku ya mufiriji imene madamu anagula inapsa yokha kumpando wakumbuyo mpaka kununkhira, thukuta langa linafika m'mawondo moti nditatsegula chitseko nyanja inakwera, asodzi n'kuyamba kukuwa. Mukumva? Injini ndinaipulumutsa. Zikomo sanabwere, anangondifunsa za nkhuku.

A kugalaja anasintha paipi imene inaphulika, n'kuthira madzi, nkhani n'kuiwalika. Kufika Januwale, ndanyamula mayi awo a bwana, gogo wodwala mawondo amene ndinkapita naye kuchipatala m'mawa, nditsegule hita, kunatuluka mphepo yozizira moti tiyi wa gogoyo anauma gwa m'kapu. Madzulo bwana anandiitana.

"Kamwendo, hita unaipha ndiwe mu Ogasiti muja. Mawa ikapanda kutentha, khalas, eyapoti."

Khalas ndiye kuti kwatha. Ine, wopulumutsa injini, ndapha hita! Mtima unandiwawa, ndipo mantha ndinali nawo, ndisaname, chifukwa kontirakiti inali pakati, nyumba yanga ku Dedza ili yosafolera, mvula ikugwera m'kati.

Kutacha ndinatsegula boneti. Fani ikuzungulira, fyuzi ili bwinobwino, madzi alimo. Ndinaliza injini n'kugwira mapaipi awiri opita ku hita: ina ikuwotcha, inayo yozizira ngati mphuno ya galu. Ndinadziwa pompo kuti a kugalaja aja anathira madzi mothamanga, mpweya n'kutsekeredwa m'kati, ndiye madzi otentha sakudutsa. Mankhwala ake ndi amodzi. Galimoto umaiimika pachitunda mutu uli m'mwamba, kutsegula chitsekerero cha ladiyeta injini itazizira, kuiliza, mpweyawo n'kukwera wokha, galimoto n'kugeya ngati mwana woyamwa.

Tsopano ndiuzeni, chitunda mukachipeza kuti ku Doha? Ndinazungulira dera lonse la Al Mirqab, ndinapita uku, ndinabwerera uku, dziko lonse lathyathyathya ngati mphasa, pamene kwathu ku Dedza ngakhale chimbudzi umachita kukwera. Chitunda chokha chimene ndinachiona ndi pokwerera magalimoto panyumba ya bwana pomwepo, koma mlonda wake, Mmalawi mnzathu, mwana wa ku Balaka, anatambasula manja.

"Madala, pepani, apa ndi no parking. Supavaiza akaona pa kamera andikata salale."

Mmalawi mnzanga! Jeke nayenso anali kachinthu kokwezera njinga. Ndiye injini itazizira ndinavula malaya, ndinatsegula chitsekerero, ndinaliza injini, ndinalowa pansi pa bampala n'kuikapo phewa, n'kudzuka nayo galimoto yonse, matayala akutsogolo ali lendelende kuyang'ana kumwamba, dzanja lamanzere likufinya paipi, lamanja likuthira madzi, mwendo umodzi nditautambasula kudzera pawindo kuti chala chachikulu chiziponda mafuta, mwendo winawo utalowa mu simenti mpaka m'bondo, dzenje lake lilipo mpaka lero, anadzalamo duwa. Mukumva? Ndikulumbira, ndife pano!

Kenako inageya. Abale, inageya! Makina okwezera zitsulo pamwamba pa nyumba zomangidwa anatembenuka onse kuloza ku Saudi, fumbi linaphimba mzinda mpaka ndege zinakanika kutera, mlonda uja tinakamutola kugombe atagwirabe chipewa, ndipo nsalu ya kumutu kwa bwana, amene ankaonera zonsezi ali pakhonde m'mwamba, inauluka osapezekanso. Nditatsitsa galimoto, mapaipi onse awiri anali akuwotcha. Gogo uja tsiku limenelo anagona tulo m'galimoto, mawondo ali phee.

Madzulo bwana anandiitananso. Ndinavala tayi, ndikuti lero salale ikukwera. Anandizungulira, kundigwira mapewa ngati akugula ng'ombe.

"Wallahi, Kamwendo, munthu wamphamvu chonchi ndikumuwononga pachiwongolero. Bweretsa makiyi."

Makiyi anapatsa wina, munthu wosadziwa ngakhale pothira madzi. Ine anandipatsa mabotolo aakulu a madzi akumwa, masilinda a gasi, mafiriji, masofa a madamu, kukweza ndi kutsitsa, ndipo lifiti ikafa amati palibe vuto, Kamwendo alipo. Ndiwo malipiro a kuno amenewo.

Ndiye mukandiona pamasitepe botolo lili paphewa, musamanong'onezane kuti madala aja ndi wonyamula katundu. Ndine dalaivala ine. Laisensi ili m'thumbamu, ndipo wotsutsa abwere kuno ndimunyamule.