Madzi Odalitsa pa Kompyuta ya Parishi

Lolemba
Bambo mfumu anyamuka kupita ku Chipata. Mawu andisiyira ndi awa: "Aphunzitsi, pofika Lamulungu kompyuta imene tapatsidwayi ionetse ntchito, apo ayi ipita ku dayosizi." Ndine ndekha muno ndinakhudzapo kompyuta, ku kosi ya ku Lusaka. Choyamba ndiyese kompaila, ija imasandutsa zimene ndalemba kukhala pulogalamu yoyenda yokha. Ingolemba "Moni Chadiza" basi. N'chapafupi.

Lachiwiri
Si chapafupi. Magetsi timadyera limodzi ndi chigayo cha mishoni, jeneleta imodzi. Kompaila ili pakati pa ntchito, chimanga chatha, ajeneleta azimitsa. Mdima bii pagalasi. Ndikanadziwa, sindikanadzitama pamaso pa aphunzitsi anzanga.

Lachitatu
Abwera atcheyamani a chipani. "Makinawa ayambe apereka moni ku chipani, Chadiza pambuyo." Ndalembanso zonse, iwo ali chilili kumbuyo kwanga. Kompaila yakana, ati ndalakwitsa penapake. Atcheyamani akuti makinawa ali ndi maganizo oukira.

Lachinayi
Ndatenga thumba la chimanga chathu kukagayitsa kuti jeneleta isazime. Amayi a kunyumba sakundilankhula. Cholakwa chija ndachipeza: kachizindikiro kamodzi ndinakaiwala chifukwa cha mantha.

Lachisanu
Yatheka! Ndachotsa disiki ya kompaila, ndaika yanga ya pulogalamu ija, moni watuluka yekha. Kalanga ine, palibe mboni. Chimwemwe chandipusitsa, ndathamangira kwa akatekisi a Zulu kuti mawa adzadalitse kompyutayi, monga amachitira ndi njinga ndi ngolo zatsopano.

Loweruka
Anthu adzaza, ena achokera ku Zingalume wapansi. Ndayatsa kuti onse aone moni. A Zulu ndi munthu wosaumira madzi odalitsa: awaza pamwamba, awaza m'mbali, kenako m'timabowo ta kumbuyo "kuti alowe bwino". Phuu! Kautsi, fungo la waya. Amayi a kwaya ayimbabe mpaka kumaliza nyimbo. Ndinawaitana ndine, ndingadandaulire yani?

Lamulungu
Bambo mfumu abwerako, amva zonse. Kompyuta yakwera galimoto ya ku Chipata, yokulunga m'bulangete ngati wodwala. Sibweranso. Disiki yanga ili m'thumba la jekete, pulogalamu ili momwemo yamoyo, koma Chadiza yonse mulibe makina ena oti n'kuionetsera. Amayi a kunyumba ayamba kundilankhula. Akuti ndichotse kanthuko, akufuna kuchapa jekete.