Eyiti Amene Ndinamupaka Tipekisi

Mukadzafika ku Senga Bay n'kumva anthu akukuwa kuti "Eyiti! Eyiti!" musadzayese kuti akuitanira mtengo wa usipa. Amakhala akuitana ine. Dzinali sindinabadwe nalo, ndipo woyamba kunditchula choncho ndinamuthamangitsa mpaka pa siteji ya makabaza. Lero ndangoti ndiulule ndekha mmene linabwerera, chifukwa ena akamakamba nkhaniyi amaithira mchere wambiri.

Ine sukulu ndinalekezera Folomu 1. Ndinakangana ndi aphunzitsi pa nkhani ya kametedwe, ndinatola chikwama changa, mpaka lero. (Mayi anga amati mtima wanga ndi udzu wa m'chilimwe, kamoto pang'ono tchire lonse lapita.) Ndimagwira ntchito pa kashopu ka a Yusufu, komwe timaika nyimbo m'mafoni, kutaipa makalata ndi kupanga fotokope. Kompyuta ndinaiphunzira ndekha, ndipo ndimafuna aliyense azidziwa zimenezo. Lamulungu ndimaimba besi m'kwaya ya mpingo wathu.

Wotsogolera kwaya yathu anali a Kamwendo, mphunzitsi wopuma. Maso atayamba kuwavuta anaganiza zotula udindo. Pa tsiku lowatsanzika anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti iimbidwe nyimbo imene anapeka okha kalekale, yomwe inangokhala m'kope osaimbidwapo ndi kamodzi komwe.

Kwathu kuno kukakhala mwambo waukulu, makwaya a mipingo yoyandikana amaphatikizana. Koma sitiphunzirira limodzi ayi, mtunda ndi wautali ndipo anthu ali ndi minda ndi maukonde. Timangotumizirana mapepala a nyimbo, aliyense aphunzire kwawo, kenako tidzayese kamodzi m'mawa wa tsikulo. Kwaya yathu ili ndi amayi ambiri, amuna tilipo atatu. Ndiye mbali ya amuna tinadalira abambo a ku Lifuwu, alimi a mpunga a mawu ochokera m'mimba, otsogoleredwa ndi a Jailosi. A Jailosi amawerenga solofa, zija za do re mi, ngati lamulo la boma. Sawonjezera, sachotsera.

Vuto linali kope la a Kamwendo. Linanyowapo, inki inayenderera, fotokope ikanangotulutsa mdima. Ndinaimirira pakati pa kwaya.

"Aphunzitsi, ndipatseni ine. Pali pulogalamu yolembera nyimbo pa kompyuta. Idzatuluka ngati ya m'buku."

"Unayamba walembapo nyimbo, mwanawe?"

"Kompyuta ndi kompyuta, Aphunzitsi."

Anandipatsa kopelo ndi manja awiri ngati akupereka khanda. "Ukamaliza ubwere nazo ndizione usanatumize."

Mawu amenewa anandilowa molakwika. Ine ndinamva ngati akuti, iwe wosiya sukulu sungathe. Iwo sananene zimenezo, ndinaziwonjezera ndekha m'njira.

Kunena zoona ntchito ndinaigwira. Masiku anayi, pakati pa makasitomala, ndinali pa pulogalamuyo. Imajambula mizere isanu, iwe n'kumaikapo timadontho takuda tokhala ndi michira. Ukalakwitsa imalira. Pansi pa kadontho kalikonse ndinalembanso chilembo cha solofa, poti ndi chimene anthu athu amawerenga. Nyimbo imagawidwa m'timabokosi, a Kamwendo amati zipinda. Koyambirira, zipinda za amuna m'kope muja zinali zopanda kanthu, ndiye inenso ndinazisiya zopanda kanthu. Mpaka apa ndinalibe mlandu.

Nditaika mawu onse anayi a kwaya pa tsamba limodzi, zilembo zinachepa ngati nyerere. Ndinapeza batani logawa: amayi tsamba lawo, amuna tsamba lawo. Ndinadina. La amayi linatuluka bwinobwino. Koma la amuna, koyambirira kwenikweni, panabwera chimzere chakuda chonenepa, pamwamba pake nambala 8.

Ine sindinalembe eyiti aliyense.

Ndinayesa kumufufuta, anakana. Ndinayesanso mwaukali, anachoka, koma anatenganso theka la vesi ya amayi. Ndinabwezeretsa, eyiti uja n'kubwereranso, ali phee kundiyang'ana. Ndinazimitsa kompyuta, kuyatsanso, yemweyo. Ndinamenya tebulo mpaka mausi inagwera m'dengu la zinyalala.

"Wallahi, undiphwanyira katundu," anatero a Yusufu. "Bwanji osakawafunsa akuluakulu aja? Mwina chili ndi ntchito."

"Bwana, ndi vairasi iyi. A Kamwendo vairasi aidziwira kuti?"

"Subira, mphwanga, leza mtima. Kufunsa sikuluma."

Sindinafunse. Ndinapulinta tsamba limodzi, ndinatenga tipekisi, kapenti koyera kaja kofufutira zolemba, ndinapaka chimzere chija ndi eyiti wake, ndinauzira mpaka anauma. Kenako fotokope. Masamba anatuluka oyera mbee, nyimbo ikuyambira pomwepo popanda chodetsa. Ndinaima pakhomo kuwayang'ana padzuwa ngati ndalandira satifiketi ija sindinaipeze.

Kwa a Kamwendo sindinapite nawo. Ndinaitana wa kabaza, ndinamupatsa envulopu, ulendo wa ku Lifuwu. A Kamwendo atandifunsa Lachitatu pa kwaya ndinayankha mokweza kuti, "Zinapita kale, Aphunzitsi. Kapena mukuona ngati sindingathe?" Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Amayi ndinawagawira masamba awo. Ife amuna atatu pepala sitinaligwiritse ntchito, timaphunzira ndi khutu.

(Mufunsa kuti, iwe woimba besi, sunkadziwa kuti amuna amayamba adikira? Ndinkadziwa. Koma sindinawerengepo kuti timadikira zipinda zingati. Ine ndimangoyang'ana dzanja la a Kamwendo, likandiloza ndimatsegula kukamwa. Sizinandifikire m'mutu kuti kudikirako nakonso kumalembedwa.)

Tsiku linafika. Lole ya a ku Lifuwu inaphulika tayala m'njira, moti anafika mapemphero atayamba kale. Kuyesera limodzi kuja kunalephereka. Analowa mwakachetechete, malaya oyera, aliyense pepala langa m'manja, n'kuima kumbuyo kwathu. A Jailosi anandigwira phewa n'kunong'ona, "Achimwene, ntchito yaukhondo iyi. Taiphunzira mpaka kuiloweza." Ndinatukula chifuwa.

Tchalitchi chinali chodzaza, ena akusuzumira m'mawindo. A Kamwendo anaima kutsogolo atavala jekete yawo ya pa zikondwerero. Nyimboyo imayamba ndi amayi okha, motsitsa, ngati munthu akupemphera yekha. Anakweza dzanja, analitsitsa mofatsa kuloza amayi.

Kumbuyo kwanga kunaphulika bingu.

Abambo a ku Lifuwu analowa onse pamodzi, ndi mphamvu zonse za mpunga. Amayi anadzidzimuka, wina anagwetsa pepala. A Kamwendo anatambasula chikhatho kuti amuna aime, koma ndani akanawaona? Maso onse anali pa pepala, monga a Jailosi anawaphunzitsira. Amayi ali pa vesi yoyamba, iwo ali kale pa kolasi. Amayi nawo anakana kugonja, anakweza mawu. Zinamveka ngati mawailesi awiri a nyumba zoyandikana.

Apa munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinatembenuka.

"Dikirani, inu! Simudziwa kuwerenga?"

Ndinaiwala kuti maikolofoni ya amuna inali patsogolo panga. Mawu anga anatulukira pa sipika ya panja, mpaka amayi ophika kuseri anamva. A ku Lifuwu sanaime. Anafika pa "Ameni" wawo, anamukoka bwinobwino, anapinda mapepala, amayi akadali ndi mizere iwiri yoti amalize. Amayi anaimaliza okha ngati anthu otsalira basi. Palibe anaomba m'manja. Kamwana kena kanaseka, mayi ake anakatseka pakamwa.

A Kamwendo anatsitsa manja. Nkhope yawo sindidzaiwala. Sanakwiye, anangooneka ngati munthu amene wasunga mbewu zaka zambiri n'kupeza zafumbwa.

Abusa analengeza nyimbo ya m'buku kuti aphimbe manyazi, ife tinatulukira kuseri kwa tchalitchi. A Jailosi anabwera pepala lili m'mwamba.

"Achimwene, mwatitukwana pa sipika. Onetsani pamene talakwitsa. Palembedwa pati kuti tidikire?"

A Kamwendo analiyandikitsa pepalalo kumaso. "Zipinda zisanu ndi zitatu zoyamba zili kuti?"

"Munalibe kanthu, Aphunzitsi. Kompyuta inangoikapo chimzere ndi nambala yolakwika, ndiye ndinakonza."

"Unakonza. Tsamba loyamba lija uli nalo?"

Linali m'thumba la malaya, ndinalisunga kuti ndizionetsa anthu. Analitenga, anakanda tipekisi uja ndi chikhadabo pang'onopang'ono. Eyiti uja anatulukira, wathanzi ngati kale.

"Uyu," anatero, "akutanthauza kuti amuna akhale chete zipinda zisanu ndi zitatu. Kompyuta yako inalemba zoona. M'nyimbo yonseyi, malo amene ndinawaganizira nthawi yaitali ndi amenewa. Iwe wapaka laimu pa kukhala chete."

"Ndiye anthu osadziwa kuwerenga ndi ati?" anafunsa a Jailosi. Anzawo anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Ndinatsegula pakamwa, koma a Kamwendo anakweza chikhatho chija, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo wina anachimvera.

Anakalankhula ndi abusa, ndipo anatilola kubwereza pa nthawi ya chopereka. Koma anaika lamulo. Ine sindiimba. Ndiima kutsogolo kwa abambo a ku Lifuwu, nkhope kwa iwo, msana ku mpingo, manja m'mwamba, ndiziwerenga zipinda ndi zala. Ndisanatero ndipepese pa maikolofoni yomwe ija.

Ndinapepesa, mawu akutuluka ngati ndameza minga ya chambo. Kenako amayi anayamba, motsitsa. Chala choyamba. Chachiwiri. Abambo onse aja maso ali pa zala zanga, ena akulumira milomo kuti asaseke. Sindinadziwe kuti zipinda zisanu ndi zitatu n'zazitali choncho. Koma ndili chiimire ndinaimva nyimboyo koyamba, poti masiku onse ndinkangodikira nthawi yanga yolowa. Chala chachisanu ndi chitatu chitakwera, a Kamwendo analoza, mabesi analowa pansipansi ngati madzi akulowa m'munda wa mpunga. Amayi a mumpingo analuluta nyimbo isanathe. A Kamwendo anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali, ngakhale sanade.

Potuluka, mmodzi wa a ku Lifuwu anakuwa ali pa lole, "Tsalani bwino, a Eyiti!" Basi, dzina linamera.

A Kamwendo anandisiyira kope lawo lonse kuti ndilitaipe, koma tsamba lililonse limayamba lafika kwawo. Tipekisi a Yusufu amamutsekera m'dilowa. Anandilangizanso a Kamwendo kuti mtima ukayamba kutentha ndiziwerenga zipinda zisanu ndi zitatu ndisanayankhe munthu. Ndimayesa ndithu. Sabata yatha ndinafika pa zitatu.