Kachilombo ka M'mimba ndi Chipanda cha Pachiliza

Lolemba
Ndabwerako kuchipatala ku boma. Akuti moto wa m'mimbawu si njala, si ufiti, ndi kachilombo. Dzina lake lachizungu ndi lalitali kuposa iko komwe. Ati kamakanda m'mimba mpaka zilonda, ndipo ukakalekerera zaka zambiri, kwa ena kamabala khansa. Andipatsa mapilisi a masabata awiri, kuphatikiza malamulo:
mowa ayi,
tsabola ayi,
kapu yangayanga, poti kamayenda m'malovu.
Ine Mngoni wa ku Biriwiri, mowa ayi? Loweruka kuli chiliza cha achimwene, ndipo wamkulu wotsala pamtundu ndine. Chipanda choyamba cha masese ndimalawa ndine ndisanapatsire anthu. Mapilisi ndawatsomeka kudenga. Kachilomboka ndikapha ndekha lisanafike Loweruka.

Lachiwiri
Nkhondo yayamba. Kambuzi wodzaza dzanja m'ndiwo. Kanthu kosaoneka ndi maso komwe kangapirire kambuzi? Masana ndili gone pakati pa mizere ya mbatatesi, manja pamimba. Nangozo, mkazi wanga, akudutsa ndi khasu: "Akufa ndani, bambo, inu kapena iko?" Ululuwu ndiye kuti kakuphupha.

Lachitatu
Adyo wosaphika m'mawa, soda wa therere masana. Ndikugeya ngati ng'ombe. Kumsewu komwe ndimagulitsa, mayi wina wa m'basi wagwira kale ndowa yanga ya mbatatesi, ndangoti ndimupatse moni, wabweza ndowa n'kutseka windo. Apite! Mbatatesi si mkamwa.

Lachinayi
Mnzanga wa ngolo akuti kachasu amapha chilichonse, ndi chule yemwe. Ndayesa kabotolo kamodzi, wamutu weniweni. Kachilombo kalandira bwino mlendo, wosanza kuseri kwa khola ndine. Pobwera ndapeza mapilisi atsika okha kudenga, ali pambali pa mbale yanga. Ndawabwezera. Nyumba ino mwini wake ndine.

Lachisanu
Buluku la pachiliza likuvuka. Ndaboola bowo lina palamba ndi msomali. Achimwene nawonso ankaboola lamba chonchi chaka chija anatisiya, koma zawo zinali zina, anali munthu wosamva. Kunena zoona ndachita mantha pang'ono, kenaka zandichoka. Nangozo wapita kukathandiza alamu, mkazi wa malemu, kusefa mowa. Pakamwa pake sindipakhulupirira.

Loweruka
Chiliza chakongola, mtanda woyera, mapemphero atha. Anthu takhala pansi pa mtengo. Chipanda chafika kwa ine. Ndamwa, ndamwanso dala kuti kachilombo kamve. Ndikupatsira wa kumanja, akuyang'ana nsapato zake. Wa kumanzere, chidakwa choti sichinakanepo mowa chibadwire, akuti ali ndi chimfine. Nangozo walengeza mudzi wonse! Ndatsala chiimire, chipanda m'manja, ngati ndikugulitsa. Manyazi ake ngosaneneka.
Alamu adzuka, alandira chipanda ndi manja awiri, akhuthulira pansi pafupi ndi manda. Akulankhula motsitsa, koma aliyense akumva: "Alamu, abale anu mapilisi awo ndinawapeza kudenga titaika kale maliro. Nawo ankati akapha okha. Simenti yatsalako thumba limodzi. Tisunge?"
Palibe waseka. Ndikanakonda akanaseka.

Lamulungu
Kutchalitchi sindipita, mimba ikukana. Mapilisi ndawatsitsa ndekha, ndameza a m'mawa. Kuwawa kwake ngati ndanyambita khasu. Nangozo wamanga ulusi wofiira pachigwiriro cha kapu yanga, ndipo akuti mawa nayenso akayezetsa, poti takhala tikumwera chikho chimodzi chikwatirane. Kambuzi wapatsa aneba. Masabata awiri ndikumwa phala ngati khanda, Mngoni wathunthu.
Sikuti ndagonja, ndangosintha zida.
Ndatumiza mawu kwa alamu kuti simenti ija azirire khonde, isaume podikira ine.