Phazi la anaNgozo pansi pa mapeva

Inu amene mumandiseka pabawo paja kuti ndine bilida wotsekera mkwatibwi m'nyumba, khalani pansi ndikufotokozereni ndekha mmene zinayendera, chifukwa alamu anga a Jekete akamaikamba nkhaniyi amaithira mchere wambiri, ndipo amadumpha dala pamene iwo anagwetsa misozi.

Kanjira kochoka pakhomo panga kukafika pampanda ndinakawaka ndekha chaka chomwe ndinabwerako ku Joni komaliza. Anzanga anabwera ndi mawayilesi ndi njinga, ine ndinabwera ndi chifuwa chomwe mumachimvachi, suti imodzi, ndi nzeru ya konkire. Kumgodi kuja ndinkaona mabwana akuchoka mu ofesi kukakwera galimoto osadetsa nsapato, ndiye ndinati nayenso mkazi wanga anaNgozo asamaponde matope a kuno ku Kasinje, omwe mukuwadziwa, aja amavula munthu nsapato n'kumubweza wapansi. Ndinagula simenti, miyala ndinaswa ndekha, mchenga ndinatuta kumtsinje. Ngakhale chitseko ndinachiika ngati cha kukomponi, chotsegukira kunja, kuti m'nyumba mukule. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera mkamwini akuwaka msewu wopita kuchitseko chake, ndipo a Jekete, amene ndi mlongo wawo wa anaNgozo, anandifunsa ngati ndikuyembekeza kuti basi izidzaima pakhonde panga.

Ndinamaliza kusalaza dzuwa lili pamutu, ndinauza aliyense kuti asapondepo, ine n'kupita kukasamba. Nthawi imeneyo mwana wathu Esinati anali wokwawa, ndiye analira panja, kaya chinamuluma n'chiyani. AnaNgozo ali m'nyumba anangoti chitseko kankhu, phazi lamanja phwatha pakati penipeni pa konkire yanga. Pobwera ndinapeza simenti yagwira kale, phazi lili pompo, lakuya bwino, kachala kakang'ono katapatukira pambali ngati kakwiya ndi zinzake. Ndinakalipa mpaka nkhuku zinathawa. Iwo anangondiyang'ana, mwana ali kumsana, n'kunena kuti, "Paja munati mwawakira ine? Ndadindapo kuti ndalandira."

Zaka zonse zomwe tinakhala limodzi phazi limenelo ndinkalinena. Mlendo akabwera ndinkamuonetsa kuti taonani ntchito ya akazi. Tikakangana za mbewu kaya za mbuzi, mapeto ake ndinkafika pa phazi. Koma anaNgozo atatisiya, m'pamene ndinaona kuti m'nyumba monse mulibe chithunzi chawo n'chimodzi chomwe, zovala abale anagawana, mtondo unapita, ngakhale ndowa inapita, chotsala changa ndi phazi lija basi, poti palibe akanatha kulinyamula. M'mawa uliwonse ndinkasesapo, mvula ikagwa mumadikha timadzi anapiye n'kumamwamo, ndipo nthawi zina, pakakhala palibe munthu, ndinkavula nkhwaira n'kuika phazi langa pambali pake. Izi sindinauzepo munthu. Mkamwini wamasiye amakhala pamudzi pa eni ngati mphika wobwereka, sufuna kuwapatsa china chokusekera.

Ndiye chaka chija Esinati anaimba foni kuchokera ku Blantyre kuti mwana wake Tadala wapeza mwamuna, chinkhoswe chidzachitikira pakhomo panga. Akuchimuna ndi a ku Lizulu, anthu a malole a mbatata, oti ndalama amaiwala m'thumba pochapa. Anati kanjira kaja kang'ambika ngati chidendene cha mlimi, katichititsa manyazi, atumiza mapeva, tinjerwa tasimenti tija amayala pansi m'tauni, ndipo ndipeze bilida aswe konkire yakaleyo ayale zatsopano. Ana a masiku ano ndi choncho, okha sabwera, amatumiza katundu ndi malamulo. Ine zonse ndinamva, koma mawu oti aswe anandilowa ngati minga.

Lole inatsitsa mapeva aja, otuwa, opindikapindika m'mbali kuti azilumana. Bilida anabwera ndi chihamala chake, ine ndinamubwezera pampanda pomwepo. Ndinati munthu amene ndinagwira ntchito pansi pa dziko, kumene dzuwa silifika, ndingalephere kuyala njerwa pamwamba pa dziko? Nzeru yanga inali yoti konkire isaswedwe, ndingothira mchenga pamwamba pake n'kuyala mapevawo. Esinati aona zatsopano, ine ndidziwa kuti zakale zili pansi. Mukuona cholakwika pamenepo? Inenso sindinachione.

Choyamba ndinakhoma chitseko chakumaso, kiyi n'kuika m'thumba, ndinati aliyense azidzera kuseri. Mapeva sadinda phazi, ndikudziwa, koma munthu amene analumidwapo ndi njoka amathawa luzi. Ndinayambira kumpanda kulowera kunyumba. Konkire ija inali ndi mabampu, ndiye pofuna kuti pafanane ndinathira mchenga wosaumira, wilibala pamwamba pa wilibala. Tsiku loyamba mzere wanga unakhota pang'onopang'ono mpaka ndinapezeka ndikuloza kukhola la a Jekete, ndinaphwasula n'kuyambiranso. Msana unkalira ngati nsungwi, mawondo anatupa, koma pomafika pakhonde kanjira kanali kokongola, ndinganame. Anthu opita kudimba ankaima n'kumayang'ana ngati kale lija.

A Jekete anabwera ndi ndodo yawo, anayang'ana mapeva, anayang'ana nyumba, n'kuyamba kuti, "Alamu, kodi chitseko chanuchi..."

Sindinawalole kumaliza. Ndinati, "Mudzi ndi wanu, alamu, koma chitseko ndi changa." Anatukula mapewa n'kumapita. Lero amati anandichenjeza. Theka la mawu ndi chenjezo?

Nditafika pa phazi paja manja anakana kuthirapo mchenga. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinatola timiyala n'kuika m'makona, peva imodzi n'kuikhazika pamwamba ngati chivundikiro cha mphika, pansi pali mphako. Ndinaibenthula pang'ono pakona kuti ndiziidziwa, ndinati m'mawa ndizitukula, kupereka moni, n'kubwezerapo. Ndinadziona wochenjera kuposa mudzi wonse.

Esinati anafika dzulo lake la chinkhoswe, anayendapo ndi nsapato zake zosongoka, mwamwayi peva yanga anaidumpha, anati ababa mwagwira ntchito. Aka kanali koyamba kundiyamikira chimwalirireni mayi ake. M'mawa mwake kunagwa chizimalupsa, mvula yamphamvu koma yosakhalitsa, anthu n'kumati ndi madalitso. Ine ndinavala suti yanga ya ku Joni, imene inandikwana bwino masiku amene ndinali ndi chiuno.

Alendo anafika pa lole ndi kagalimoto. Patsogolo panali azakhali ake a mnyamata, mayi wathupi, atavala zoyera kuyambira duku mpaka nsapato. Anthu ankawalozera kumipando ya pansi pa mtengo wa mango, koma ine, poti mwini ntchito, ndinathamanga kukawachingamira. Ndinati mayi, musadetse nsapato, dzerani pano mukaone pakhomo. Anayenda mwaulemu, ine ndili pambali kufotokoza za mchenga ndi levulo yoyezera kuti pafanane, ndipo pofika pafupi ndi khonde ndinaona kakona kobenthuka kaja nsapato yawo ili kale m'mwamba. Madzi onse a mvula ija anali atasonkhana m'mphako mwanga. Peva inapendeka, matope anatumphuka ngati pampu ya mjigo, kuyambira m'miyendo mpaka pachibwano. Ndinatulutsa kampango kanga kuti ndipukute, matopewo ndinangowapaka bwinobwino pomwe sanafike. Mayi aja anandigwira dzanja n'kulibweza. Anati, "Zikomo bambo, madzi a pakhomo talandira."

Azimayi anapita nawo kuseri, anabwerako atavala chitenje chobwereka. Ine ndinakhala pampando ndikudziuza kuti choipa chatha.

Mwambo unayenda, ankhoswe analankhula, inafika nthawi yotulutsa mkwatibwi. Mukudziwa mmene zimakhalira, atsikana angapo amawafunditsa zitenje kumutu mpaka kumapazi, amatuluka mondondozana, akuchimuna aziponya kangachepe kuti avundukule mmodzimmodzi mpaka apeze wawo, ndipo azimayi akuchikazi amakhala akudikira pamenepo kuti adyepo. Atsikana ndi alangizi anali atalowera kuseri. Ine ndinaimirira, ndinatulutsa kiyi m'thumba anthu onse akuona, ndinatsegula loko n'kubwerera pambali. Nyimbo inayamba, nthungululu zinalira. Chitseko chinasuntha pang'ono, gu! Anakankhanso, gu! Pampata pake panangooneka diso limodzi la alangizi, likundiyang'ana ineyo.

Apo m'pamene ndinawerama n'kuona. Mchenga wanga uja ndi mapeva zinakwera kupitirira pansi pa chitseko, ndipo chitsekocho, paja ndanena, n'chotsegukira kunja. Ndinali nditamangira mdzukulu wanga m'nyumba ndi manja anga.

Oimba anabwereza nyimbo ija mpaka mawu anayamba kutha, ena n'kuyamba kuseka m'zitenje. A Jekete sanabise, anaseka mpaka ndodo inagwa. Esinati anabwera kudzandinong'oneza kuti angotulukira kuseri. Kuseri kwanga kuli bafa ndi khola la nkhumba. Mdzukulu wa anaNgozo, tsiku lake, atulukire kumeneko ngati mbuzi yakuba chimanga, anthu a ku Lizulu akuona? Ndinakana. Ndinati chomwe ndamanga ndine, ndimasula ndine.

Ndinagwada. Suti ya ku Joni inapirira njenjete, inapirira maliro ambiri, koma kugwada inakana. Buluku linang'ambika kumbuyo ndi phokoso loti ngakhale a pa lole anamva, mphepo n'kundiuza kuti alendo onse ndawaonetsa zomwe sanabwerere. Sindinatembenuke. Ndinayamba kukanda mapeva a pachitseko ndi zikhadabo, koma zinthu zija zikalumana sizisiyana, muyenera kupeza imodzi yomasuka kuti zinzake zitsatire. Ndipo yomasuka inali imodzi yokha.

Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Ndikanatha kuitanitsa khasu, koma khasu likanapita mpaka pansi. Ndinalowetsa chala pakona paja n'kuitukula, ndinakapa matope ndi dzanja, ndinapukuta ndi mkono wa jekete. Phazi linatuluka, kachala kake katapatuka monga mwa masiku onse, timiyala tanga tili m'makona kuchitira umboni kuti sizinangochitika.

Kuseka kwa a Jekete kunaima. Anayandikira, anawerama, anavula chipewa. Anati, "Ili ndi phazi la mlongo wanga." Kenaka anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Bilida uja munamuthamangitsira ichi?"

Ine ndinangopitiriza kupukuta phazi lija. Munthu wamkulu uja anagwada pambali panga n'kuyamba kuzula mapeva, madzi akutsika m'masaya, amati ndi thukuta. Esinati anamasula chitenje chake n'kundimanga m'chiuno. Anyamata a ku Lizulu anabwera n'kumaponyerana mapeva ngati akutsitsa kabichi, ndipo posakhalitsa konkire yanga yakale inaonekera, yong'ambikang'ambika, chitseko n'kutseguka chonse.

Nyimbo inayambiranso. Atsikana anatuluka atafunda, opanda nsapato, mapazi okha akuoneka. Woyamba anadutsa, wachiwiri anadutsa. Wotsatira anaponda m'phazi muja, osaona n'komwe, ndipo linamukwana ngati anamuyeza, kachala kakang'ono n'kukagona m'malo mwake mwenimweni. Ine ndinaiwala kuti pali mwambo, ndinaiwala kuti pali alendo. Ndinaloza ndi dzanja lamatope lija n'kukuwa kuti, "Ndi ameneyu Tadala! Taonani phazi la agogo ake!"

Mnyamata anangoyenda molunjika n'kukamuvundukula, osaponya ngakhale kakobiri. Azimayi akuchikazi, amene anasonkhanitsa atsikana mudzi wonse kuti adye za anthu a malole, anandiyang'ana ngati ndawatayira ndiwo. Azakhali a chitenje chobwereka aja ndi amene anaseka koposa, anati matope aja abwezedwa.

A Jekete anadzuka, anasasa mawondo, n'kunena anthu onse akumva kuti, "Alamu, mlendo mwamusambitsa, mwana mwamutsekera, zamkati mwationetsa, mkwatibwi mwamuulula. Tikupempheni mukhale pansi ukwatiwu usanathe."

Ndinakhala pansi, m'chitenje cha mwana wanga, mpaka alendo anapita.

Mapeva aja lero akupsinja malata a khola la nkhumba, ndipo ntchito imeneyo akuigwira bwino. Esinati sanatchulenso zoswa konkire. Azimayi a m'mudzi muno mpaka pano pakakhala chinkhoswe amatuma munthu kudzandiuza kuti ndikafike mkwatibwi atavundukulidwa kale. A Jekete akadanditchabe mkamwini, koma masiku ano amabwera m'mawa kudzapempha fodya yemwe ali naye m'thumba, n'kuima pakhonde paja nthawi yaitali, maso ali pansi.

Ine ndinalumbira, ndipo inu mukhale mboni. Mukadzandiona ndanyamulanso peva, mudzandilande n'kundimangirira pamtengo wa mango. Pomwe anaNgozo anadinda sipavundikirika. Anandigonjetsa ali moyo ndi phazi limodzi, ndiye ine ndinkaganiza kuti ndiwapambana chifukwa choti anagona?