A Kafoni ndi Foni Yomanga Mphira

Munthu wokakamira foni yakutha ngati malemu a Kafoni, abale anga, sadzabadwanso. Mu ofesi yopanga mawebusayiti, makompyuta ali waliwali, iwo ankayenda ndi kafoni kong'aluka galasi, komanga ndi mphira ngati mtolo wa nkhuni. Lamulo lawo linali limodzi basi: webusayiti iyambe yatseguka pa brawuza, pulogalamu yotsegulira intaneti, ya kafoniko, zinazi pambuyo.

Amene lamuloli linkamupweteketsa mutu anali Achangu, mayi wokonza maonekedwe a masamba, amene ankakhala nawo tebulo limodzi.

"Bambo, taonani pa brawuza yatsopanoyi, ikuchita kuuluka!"

"Ikuulukira ndani, mwanangu? Mayi wogulitsa makala ali nayo kompyuta yakoyo?"

Akatero ankanyamuka, ulendo wa kukhonde lakuseri, pafupi ndi chimbudzi, kumene netiweki imafika mochita kunyengerera. Tsiku lina anakokera komweko bwana wa suti, mwini sitolo yaikulu amene ankamupangira webusayiti.

"Imani apa, bwana. Makasitomala anu amakhala pano."

Bwanayo anaima mphindi zisanu zathunthu atagwira mphuno, chithunzi cha sitolo yake chikutsika pang'onopang'ono mpaka kuthera pa denga. Anabwerera m'katimo ali zyoli, n'kulamula kuti zithunzi zonse zichepetsedwe. Ngakhale uthenga woitanira anthu ku ukwati wa mwana wawo weniweni, a Kafoni anaugwira masabata awiri, ati pa kafoniko maluwa ankaphimba tsiku.

Patatha mwezi chiwaikireni m'manda, Achangu anamaliza webusayiti yolembetserapo ana pa sukulu ina. Malo anali ochepa, kulembetsa kutseka Lachisanu. Pa makompyuta onse a mu ofesi inkayenda bwinobwino, ndipo panalibenso womuletsa. Chala chili pafupi kuitumiza, maso anagwera pa mpando wa a Kafoni, wopanda munthu.

Anatsonya, natsegula dirowa. Anatchaja kafoni kaja, n'kupita kukaima pafupi ndi chimbudzi. Analemba dzina la mwana, zaka, kalasi. Kufuna batani lotumizira, ayi ndithu kulibe! Linali litabisala kunsi, kumene chala sichikanafika. Kholo lililonse la foni yotere likanalemba zonse n'kukanika potumiza, mwana wake n'kusowa malo.

Achangu anaseka, kenaka misozi inangoyamba yokha.

"Mwandigwira, bambo," anatero. Anakonza batanilo tsiku lomwelo, ndipo makolo analembetsa ana awo.

Masiku ano mu ofesimo muli zii, ndipo kunena zoona timawasowa. Palibe wokangana naye, palibe wokokera mabwana kuseri. Koma m'mawa uliwonse kafoni kaja kamakhala pa chaja, kali ndi mphira yatsopano. Ndipo ntchito ikatha, popanda womutuma, Achangu amakanyamula n'kulowera kukhonde lakuseri.