Tsiku Limene Ndinakamenyera Madzi a Mpunga ndi Nsungwi

Ine cholinga changa chinali kukafunsa basi. Kufunsa mwaulemu, ngati munthu wamkulu, kuti madzi anga akupita kuti. Zinazi zinangobwera zokha, ndipo poti amene akusimba nkhaniyi ku Songani akuthiramo mabodza, ndati ndiisimbe ndekha.

Kuno ku sikimu ya ulimi wothirira madzi a mpunga timalandira mosinthana. Aliyense ali ndi tsiku lake lotsegula ngalande, ndipo lathu lakhala Lachiwiri chiyambire. Ndikuti lathu, koma puloti ndi ya akazi anga, amake Esinati. Ine ndine mkamwini. Zaka makumi anayi ndili pamudzi pano, ndamanga nyumba, ndakumba manda a abale awo, koma pakagwa nkhani amati, "Bambo, tiyeni timve kaye eni mudzi." Chabwino. Ndiye masabata atatu otsatizana, ndikadutsa Lachitatu m'mawa ndinkapeza mpunga wathu, wowokera kumene, uli ndi timadzi tosafika n'pakakolo pomwe, pamene puloti ya kumunsi kwathu, ya a Makwinja, yadzaza tho! Inu mukanaganiza chiyani?

A Makwinja amenewa ndi chimunthu. Anali msodzi, wakulira kukankha bwato ndi nsungwi pa Chilwa, nyanja itauma ndiye anabwera ku mpunga ndi mapewa ake omwewo. Munthu wanzeru akanakadandaula ku komiti ya madzi. Koma komitiyo ndi ana amene ndinawaona akuyenda opanda kabudula, ndikagwade kwa iwo?

Tsono muyenera kudziwa kuti ine ndimakonda mafilimu a Chitchaina, akale aja a karate. Ndinayamba nthawi ya matepi, wavidiyo akulumikiza ku batire ya galimoto. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, koma izi ndaphunzira mpaka pamwamba. Mpaka lero mwini vidiyo wa pamsika pathu amandiikira imodzi Lachiwiri lililonse m'mawa, anyamata a mpira asanadzaze. Ana alero amaseka. Ati, "Anganga, chingwe icho chikuoneka, akuchita kumukoka!" Nanga chingwe chikaoneka ndiye kuti sanauluke? Ati munthu mmodzi yemweyo wafa katatu, angomusintha malaya. Ndiye chodabwitsa n'chiyani? Kuno kulibe anthu olembetsa katatu pa makuponi a feteleza? Chibakera chimamveka chisanafike, magazi ngati madzi a tomato, mlomo ukuyendabe mawu atatha kale. Zonsezo ndimaziona, si ine wakhungu. Koma chimene chimandigwira mtima n'chakuti m'dziko lawolo woopsa kuposa onse amakhala nkhalamba ya ndevu zoyera. Ikangotsokomola, anyamata makumi awiri ali pansi. Kuno ukatsokomola amati ukalavulire panja.

Lachiwiri limenelo ndinati ndingoonerako pang'ono ndisanapite kukafunsa. Tsoka ilo, inali ya nkhalamba ina yowonda ngati ine, yokhala ndi ndodo basi. Mmene ndimatuluka m'chisakasa muja, kufunsa kunali kutandichoka m'mutu. Ndinadzera kunyumba, ndinazula nsungwi yoyanikira zovala, ndinamanga mpango wa amake Esinati kumutu, ulendo wa ku sikimu dzuwa lili paliwombo.

Kufika, ndinawapeza! A Makwinja ali m'ngalande, akuchotsa thumba la mchenga lotsekera madzi, madzi akukhuthukira m'puloti mwawo. Tsiku langa! Ndinaima tsidya lino la ngalande, ndinagunditsa chibakera m'chikhatho, n'kuwerama monga amachitira aja asanayambe nkhondo. A Makwinja anavula chipewa, nawonso n'kuwerama.

"Zikomo madala, mwaswera bwanji? Mutu ukupweteka kodi, mwamangatu?"

Mdani wotani wofunsa za mutu? Ndinayankha ndi mawu a pakhosi: "Lero udziwa kuti madzi ali ndi mwini."

"Eya madala, Mulungu ndithu," anatero, n'kupitiriza ntchito.

Apo mtima unawira. Ndinakwera pa kamzere ka dothi kolekanitsa mapuloti, ndinanyamula mwendo umodzi, manja m'mwamba ngati kakowa, n'kukuwa "Hayaa!" Amayi amene amawokera mpunga chapafupi onse anaweramuka. Wina anafunsa mnzake ngati ndaponda njoka. Ndinafuna kutsitsa mwendo kuti ndiyambe bwino, koma kodi unalola? Unakokana pomwepo, kuuma gwa! Ndinakhala choncho, ndikunjenjemera ngati bango, ndikunamizira kuti ndi dala.

Mwendo utamasuka ndikanatha kupita kwathu, anthu akanangoti nkhalamba imawongola msana. Koma ayi. M'mafilimu muja munthu sazungulira kukafuna pa mlatho, amazika ndodo n'kuuluka. Ngalande yake yaing'ono, mbuzi imadumpha. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinathamanga, ndinazika nsungwi pakati pa madzi, n'kunyamuka. Abale, ndinauluka ndithu, zimenezo asakunamizeni! Koma nsungwi inatitimira m'matope n'kuima chilili, ine ndili pamwamba ndaikumbatira ngati mbendera ya chipani. Kutsogolo osapita, kumbuyo osabwerera. Ndinaona nyanja, ndinaona phiri la Chisi, ndinaona amayi aja akuitana anzawo a mapuloti akutali.

"Gwirani zolimba, madala, ndikubwera!" anakuwa mdani wanga.

Nsungwi sinadikire. Inayamba kupendekera pang'onopang'ono, mwaulemu, n'kukandiwombetsa phwaa! pa kamzere kaja kolekanitsa puloti yathu ndi yawo. Kamzereko kanagumuka. Timadzi tija timasunga moyo wa mpunga wathu tonse tinandidutsa m'khwapa, kuthamangira kwa a Makwinja. Ndiye kuti ndinapita kukamenyera madzi, n'kukawaperekeza ndekha.

A Makwinja anandizula m'matope ngati chinangwa, anandikhazika pamtunda, n'kuyamba kundithothola misundu m'miyendo. Ndili pomwepo anatulukira amake Esinati, wina atawathamangira. Sanafunse ngati ndathyoka. Anayang'ana mpango wawo, anayang'ana mpunga uli pamatope okhaokha, kenako anandiyang'ana ine.

"Abambo a Esinati, mwatani?"

"Ndagwira wakuba. Lero ndi Lachiwiri, tsiku lathu."

"Tsiku lathu ndi Lachisanu! Tinasinthana ndi a Makwinja mwezi watha, chifukwa Lachiwiri lililonse inu mumakhala muli kwa Atchaina anuwo. Ndinakuuzani kawiri, inu muli kalikiliki kumenya theche nthochi yanga kuseri kwa bafa. Ndipo Lachisanulo amene amandithandiza kunyamula thumba ndi iwowa, poti inu mumati msana!"

Amayi aja kuseka kwake, wina anachita kukhala pansi m'madzi. Koma akazi anga samaseka. Dzuwa limene lija, mpunga wanthete sungafike Lachisanu wopanda madzi, ndipo mpunga umenewo ndiye chakudya chathu cha chaka. Anati, "Mwaumitsa ndinu. Pemphani madzi nokha, ine ndilibe pakamwa."

Ndinaimirira, matope akuyenderera mpaka m'makutu, ndinapita pamaso pa a Makwinja n'kuwerama kachiwiri, ulendo uno mawondo akugunda pansi. Ndinapempha kuti atigawireko madzi a tsiku lawo. Iwo anakanda m'mutu kwa nthawi, nkhope ili duu ngati ali pamaliro.

"Madzi si vuto, masita wa karate. Kamzereka tikonza limodzi, nditsegulira kwanu mpaka madzulo. Koma pali kanthu kamodzi. Akazi anga angofika kumene, kaja ka mwendo umodzi sanakaone."

Ndinayang'ana amake Esinati kuti andiwombole. Anangoti, "Nyamulani mwendo, bambo, mpunga ukufa."

Ndinanyamula. Mayi Makwinja anati sanamve bwino kukuwa kuja, ndinakuwanso. Atatu ena ochedwa anapempha chibwereza, mmodzi ali ndi foni m'manja, ndipo ndikumva kuti pano ndafika kale ku Joni popanda pasipoti.

Mpunga unapulumuka, tinakolola. Mafilimu sindinasiye ndipo sindidzasiya, olakwa si Atchaina. Koma ndalumbira pamaso pa Mulungu ndi pa amake Esinati kuti mapazi anga onse awiri azikhala pansi mpaka tsiku limene adzandinyamule anthu ena, ndipo ndisanapite kunkhondo ina iliyonse ndiziyamba ndafunsa kunyumba ngati sinathe kale mwezi watha.