Nyumba Yanga Ilibe Injini, Bwana

Kwa Bwana Wamkulu,
Ofesi Yoona za Kugona Mwamtendere M'magalimoto.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada pamaso panu. Ine ndine Everson Chikaonda wa kwa Malemia, mwamuna wa malemu Eluby. Kale ndinkayendetsa minibasi pakati pa Zomba ndi Liwonde. Chigwereni nyumba yathu ndi mvula ya namondwe, minibasiyo ndiyo nyumba, ndipo timagonamo ine ndi mwana wanga Lisa. Ndamva chilengezo chanu chakuti mwezi uno ukatha, galimoto iliyonse yogonamo anthu imene sigona mumpanda wanu idzakokedwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Ndiye ndati ndithokozeretu nyumba isanapite. Sukulu ndinalekeza Fomu 2, mundikhululukire ngati kuthokoza kwanga sikufika pa msinkhu wanu.

Choyamba, zikomo chifukwa cha bwalo. Mutaona mabanja akugona m'magalimoto m'chigwa chino cha Domasi, simunataye nthawi ndi malata kapena njerwa. Munatimangira malo oimikapo magalimoto usiku, a mpanda wa waya, geti, mlonda, ndi chikwangwani chachikulu kuposa denga limene ndinataya. Akuti nzeruyi munakaiona kunja, kumene ngakhale amphawi ali ndi petulo.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha lamulo lakuti galimoto izilowa dzuwa likamalowa, izituluka m'mawa, kuti masana bwalo lizipuma. Lamulo labwino ndithu. Kungoti injini yanga inapita kwa makaniki, makanikiyo n'kusamuka nayo. Lole ya anansi anga, Che Twahir ogulitsa usipa, yakhala pa njerwa nthawi yaitali moti pamene panali injini pali nkhuku ikufungatira mazira. Titamufotokozera mlonda wanu, anati lamulo silitchula injini, limangoti galimoto ilowe. Tinagwirizana zoyamba ndi yanga, ya Che Twahir idikire anapiye.

Chachitatu, zikomo pomanga bwalolo pamwamba pa chitunda, pamene pamawomba mphepo yabwino. Tinabwereka matayala anayi osiyana makulidwe, moti nyumba inkayenda ngati bakha. Lisa anakhala pachiwongolero atafungata ndowa ya madzi. Kumbuyo tinali ine, Che Twahir ndi azilamu awo, amene anabwera kudzacheza osadziwa kanthu. Tinafika pageti malilime ali kunja. Mlonda anatilandira mwaulemu, anatiyamikira, kenako anatiuza kuti geti silitseguka, chifukwa kiyi munapita naye m'thumba la jekete tsiku lodula riboni. Sindikudandaula, Bwana. Bwalo limene simunalowepo galimoto chimangireni ndi lotetezeka kuposa onse. Simunabedwemo kanthu.

Chachinayi ndi ulendo wobwerera. Ndinaiwala kuti mabuleki anatsagana ndi injini. Titangoitembenuza, Lisa n'kutsika, nyumba inatithawa. Inatsetsereka mapoto akulira, zovala zamkati zikuuluka pawindo ngati mbendera, ife pambuyo liwiro, Che Twahir akukuwa kuti anthu agwire nyumbayo. Palibe anagwira. Inakaima yokha pasiteji, kumsewu waukulu, pamalo penipeni pamene ndinkaima kale. Chizolowezi sichifuna injini.

Pofika ife, inali itadzaza. Amayi awiri a tomato anali pa matiresi anga. Bambo wina wa tayi, wa ntchito ya muofesi, anali atakhala pa mtondo akufunsa ngati mtengo wakwera chifukwa cha neti ya udzudzu. Wina anali akudya mbatata yanga yootcha, ati amayesa ndi ya alendo. Woitanira anali atayamba kale kufuula za Liwonde, ndipo anandikankhira kumbali n'kundiuza kuti malo atha, ndidikire ina.

Kenako mayi wina wachikulire anatsegula chitseko chakutsogolo. Lisa anamuuza motsitsa mawu kuti pampando umenewo pali munthu. Ndi mpando wa Eluby, Bwana. Ankakhala pamenepo tsiku la msika, dengu lili pamiyendo, akundiuza kuti ndichepetse liwiro ngakhale galimoto itaima. Chitenje chake chikadali pomwepo, chopindidwa mmene anachisiyira. Mayiyo anayang'ana chitenjecho, anandiyang'ana ine, n'kutseka chitseko bwinobwino osachimenyetsa. Atatero analamula onse atsike akankhe. Anatsika osanyinyirika, poti kuno kukankha minibasi ndi gawo la ulendo. Wa tayi uja anakankha ndi chala chimodzi, koma anakankha. Anatifikitsa pakhomo, pambali pa njerwa zathu zogumuka, ndipo amayi a tomato anatisiyira kamulu ka ndiwo.

Chachisanu, zikomo kuti zonsezi mukuchitira chitetezo chathu. Ndayesa kumvetsa mmene mwana wogona pansi pa mtengo angakhalire wotetezeka kuposa wogona m'minibasi. Mutu wanga wa Fomu 2 wakanika, koma ndikukhulupirira kuti kuofesi kwanu zikumveka.

Pempho langa ndi laling'ono. Ndaunyamulapo mpanda wanu wa waya, ndi wopepuka kuposa minibasi, ndipo ulibe nkhuku yofungatira. Muuzule, mudzauzungulize pamene tili kalepa. Mlonda abwere nawo, timupatsa mpando. Chikwangwani musachisiye, Che Twahir akuti chikwana bwino pamene lole yawo imadontha.

Ngati zimenezi n'zosemphana ndi nzeru za kunja, ndiye mudzabwere nokha madzulo ena, kiyi ali m'manja, jekete mutavula. Malo anu ndakusungirani kumbuyo, kudzanja lamanzere, kumene tayala ndi laling'ono. Mukatopa pachitunda tidzakukwezani, mudzakhale pa matiresi ngati mlendo wolemekezeka.

Ndipo ngati mwatsimikiza zodzaikoka, musatume anyamata anu okha. Mudzabwere mudzatsegule nokha chitseko chakutsogolo, mudzamuuze Lisa kuti achotse chitenje cha mayi ake pa zitsulo zanu. Ine ndayesa kangapo. Manja amakana.

Ndine wanu wodzichepetsa,
wokankha nyumba yake mokhulupirika,

Everson Chikaonda
Minibasi yoyera yopanda injini,
kwa Malemia, Domasi.